Wa Kuseri kwa Firiji

Tikambenji pokwera basi ya ku Lusaka kukaphunzira unamwino
anandisiyira zinthu zitatu:
ngongole ya kwa telala, nsapato yopanda inzake,
ndi kalulu woyera wa khutu limodzi logwa.
"Atate, Dayimoni ndi wofatsa," anatero pawindo,
"muzingomupatsa repu ndi madzi."

Wofatsa!
Lachitatu lisanafike chala changa chinali m'bandeji.
Ndinangoti ndichotse mbale yake,
iye makutu chagada, walumpha kale,
mano awiri akuthwa ngati tchizulo ya kalipentala.
Sindinkadziwa kuti kalulu amadzuma.
Amadzuma ndithu, chapansipansi,
ngati njinga yamoto yokana kulira m'mawa wa Juni.

Dziko lake liyambira kuseri kwa firiji
n'kukathera pa mwendo wa kabati.
Malire amalemba ndi chibwano, kukhula pa mpando, pa chitseko,
nasiya timibulu takuda ngati nandolo wopserera.
Tsache likalowa popanda chilolezo amaligwira pakhosi.
Ngakhale a pamalire ku Mwami safunsa mapepala chotero.

Mayi Mshanga a nyumba yotsatira anati, "Akusowa mnzake,"
nabwera ndi wamkazi m'katoni ya sopo kuchokera ku Mchini.
Mphindi ziwiri sizinakwane.
Ubweya unali m'mwamba ngati thonje ku jinala
kumene ndinalemba masikelo zaka makumi awiri.
Mkwatibwi anabwerera m'katoni yake khutu likukha magazi.
Mnyamata wa zaziweto ku Down Shops anati, "Mtheneni, mtima udzatsika."
Mlamu wanga Levisoni anati, "Anyezi ndi tomato ndili nazo."

Ndinaseka, koma sindinamupereke.

Pakuti inenso, chimwalirireni Esinati,
a mpingo akagogoda ndimatsitsa wailesi,
ndimagwira mpweya mpaka nsapato zawo zitafika kumsewu.
Mwana wodzapempha machesi ndinamukalipira
ngati wadzapempha denga.
Mpando wa pafupi ndi windo palibe amakhalapo,
ndipo amene anayesa sanabwerenso.
Azilongo anga nawonso anabwera ndi katoni yawo:
mayi wina wa ku Katete, waulemu, wodziwa kuphika chikanda.
Ndinaluma.

Usiku wina malaiti anapita.
Firiji inaleka kung'ung'udza, Kapata yense anangoti zii,
phiri la Kanjala linasungunuka mumdima.
Ndinakhala pansi pa simenti chifukwa cha msana,
osati chifukwa cha iye,
manja nditawapinda pachifuwa.

Di! Mwendo wake pansi, kuchenjeza anzake omwe alibe.
Di!
Kenaka chete wautali,
woti n'kumva galu wa ku Magazine akutsutsana ndi mwezi.
Kenaka zikhadabo pa simenti, pang'ono, kuima, pang'ono,
ndi mphuno yonjenjemera pa kakolo panga.
Ananunkhiza buluku, ananunkhiza chigamba cha pabondo,
nakhula chibwano pa chala changa chachikulu chakuphazi
monga amachitira ndi mwendo wa kabati.
Ndiye kuti ndalembedwa m'kaundula wa katundu wake.
Anagona chapatali, potalika ngati mkono umodzi,
atandipatsa msana.

Dzanja linayabwa. Sindinalitambasule.
Tinakhala choncho, nkhalamba ziwiri zosafuna kufunsidwa mafunso,
mpaka malaiti anabwera, iye nathawira kwawo.

M'mawa anandilumanso,
koma khungu silinang'ambike.

Tikambenji anaimba Lamlungu: "Muli bwanji awirinu?"
Ndinati, "Wadya waya wa chaja, utumize ina."
Anaseka mpaka mayunitsi anatha.
Ndinatsala ndi foni yozizira m'manja,
ndikumva Mayi Mshanga akusesa kuseri kwa mpanda.
Masamba a repu anali atatha m'nyumba,
ndipo m'dimba mwawo ndi obiriwira.
Ndinaima nthawi yaitali ndisanatsegule chitseko,
ndipo ndinatsegula theka lokha.